Chitofu chosazima cha kwa a Fenn

Fungo la phulusa la malasha limandibwezera kwa a Fenn. Nyumba yawo inali kumapeto kwenikweni kwa Croydon, kupitirira pomwe basi imatembenukira, kumene London imathera m'mabusa a mahatchi. Amayi anapeza ntchito yosamalira bambo wokalambayo, yemwe ankadwala chifuwa komanso sankamva bwino, ndipo tinapatsidwa kachipinda pamwamba pa khitchini. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kwina kokhala tinalibe.

M'khitchinimo munali chitofu chachitsulo chondifika pachifuwa, cha zivindikiro ziwiri zolemera. Chinkaphika, chinkatenthetsa madzi a m'thanki n'kuwatumiza m'mapaipi kuti zipinda zonse zifunde. M'mawa a Fenn ankagwedeza kachitsulo ka m'munsi kuti phulusa ligwe, ine n'kukalitaya kuseri kwa khola. Madzulo ankathira malasha mpaka kudzaza, n'kutseka kabowo ka mpweya kuti moto unyeke pang'onopang'ono mpaka kuche. Lamulo lawo linali limodzi: chisanu chikayamba, motowo suzima.

Amayi analinso ndi lawo. A Fenn akangopita kukagona, iwo ankapala makala onse n'kukawathira madzi panja. "Moto sugona m'nyumba," ankatero, osawonjezerapo kanthu.

Ine mutu unandizungulira. Kukacha chitofu chinkapezeka chozizira, makoma atachita chinyezi, a Fenn akutsokomola ndi kutukwana wogulitsa malasha kuti akuwabweretsera miyala. Anasintha wogulitsa. Anaitana wosesa chumuni, yemwe sanapeze vuto lililonse. Kenako anayamba kufunsa ine, poti Chingerezi changa ankachimva msanga. Ndinkayang'ana amayi, amayi n'kuyang'ana pansi. Sindinkadziwa wamkulu woti ndimumvere, ngakhalenso chifukwa chimene tinkabisira.

Mu Januwale paipi ya kubafa inaundana n'kuphulika, ndipo chifuwa cha a Fenn chinakula. Mwana wawo Ruth atabwera Lamlungu anapeza mulu wa makala onyowa kuseri kwa mpanda. Sanakalipe. Anangouza amayi kuti chitofu chikazimanso, tikapeze kwina kokhala.

Madzulo ake amayi anathira okha malasha, natseka kabowo monga ankachitira a Fenn. Atatero anakwera kuchipinda kwathu, anakankhira bedi langa pansi pa zenera n'kulitsekula lonse. Ndinadandaula m'Chingerezi kuti ndifa ndi chisanu.

"Vala jekete, iwe. Zeneralo usalikhudze."

Ntchito sinathe. Nyumba yonse inafunda mpaka Isitala, kupatula chipinda chathu. Ndinkadzuka mphuno itachita dzanzi, bulangete litazizira ngati lanyowa, ndipo nthawi zambiri ndinkapeza amayi ataika chikhatho pafupi ndi pakamwa panga. Ndinkaganiza kuti akundilanga chifukwa cholephera kunama bwino pamaso pa a Fenn.

Ndinali nditayamba kale utolankhani pamene amalume anandiuza za ku Ndirande. Juni wina, amayi ali mtsikana, analowetsa mbaula m'chipinda kuti azing'ono awo awiri asazizidwe, natseka chitseko. Kutacha, mmodzi sanadzuke.

Lero ndimadziwa kuti utsi wa chitofu chija unkatulukira pa chumuni, ndiponso kuti Ruth anawafotokozera amayi zimenezo bwinobwino. Anamva, ndipo moto anausiya uziyaka. Koma sanalole kuti mwana wawo agone ndi motowo m'nyumba yotseka.