Mayi Kapinga ndi Madzi Otsala M'thanki

Anthu a mumsewu uno amamutchula kuti Mayi Kapinga, ngakhale ntchito yosamala udzu sanaiphunzire kulikonse. Inali ya amuna ake. Iwowo ndi amene ankasamala bwalo la adona, lomwe anthu amachitirapo maukwati ndi kujambulitsa zithunzi, ndipo banjali linkagona m'kachipinda ka kuseri kwa thanki ya madzi. Tsiku lina bambowo anagwa ali ndi paipi m'manja. Potuluka m'chipatala, dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, pakamwa patapotoka.

Adona sanazungulire. "Kachipindako n'ka wosamala kapinga. Kapinga akafa, mundipatse makiyi anga."

Mayiyo anabereka mwana kumbuyo n'kutola paipi ija pomwe inagwera.

Chaka chimenecho mvula inathawa msanga. Mipopi inkangotsokomola mpweya. Madzi ankabwera pa galimoto kudzathira m'thanki, ndipo akatha kunali kudikira basi. Dalaivala wake anali bambo wanthabwala.

"Mlamu, anthu akusowa osamba, inu mukumwetsa udzu? Umabereka chiyani umenewu?"

"Umabereka denga," ankayankha mayiyo, maso ali pansi.

Kapingayo ankamuthirira monga amayamwitsira mwana: pang'onopang'ono, pafupipafupi, akangoona tsamba lafota. M'mawa kuwaza, dzuwa lili paliwombo kuwaza, madzulo kuwazanso, bwalo lonse, kuti pasapezeke ngodya yomanidwa. Mwana ankamusambitsira pomwepo kuti madzi a m'beseni asapite pachabe. Osukusula ndi otsukuluzira mbale ankatheranso pomwepo. Koma udzu unkangofiira. Akaponda, phazi lake linkatsala litajambulika, udzu osadzuka.

Kenako mavuto anabwera awiri pamodzi. Adona anati kumapeto kwa mwezi kuli ukwati waukulu. Dalaivala anati chitsime chomwe amatungako chatsika, ndipo asamuyembekezere ukwatiwo usanachitike. Tsiku limenelo sanaseke.

Mayiyo anagogoda thanki ndi chala kuchokera pamwamba. Inkalira ngati ng'oma mpaka pakati. Anakhala pakhomo n'kulira mosatulutsa mawu, kuopa kudzutsa mwana.

Amuna ake anamenya chitseko ndi ndodo. Ankafuna kutuluka. Mayiyo anawakoleka paphewa n'kuwakhwekhwereza mpaka pabwalo. Bambowo anagwira udzu ndi dzanja lamanzere n'kukoka, ndipo unazuka mosavuta ngati akutukula mphasa. Timizu take sitinkaposa chikhadabo.

"Mwaulera moipa, mayi a mwana," anatero, mawu akutuluka movutikira. "Wazolowera kupatsidwa pakamwa. Mizu ipite pansi kukatani?"

"Ndiye ndiusiye ufe, bambo? Tikagone kuti, inu muli chonchi?"

"Umwetseni kamodzi, akafike pansi. Mukatero muupatse msana."

Analoza sipoko ya njinga yomwe inali yotsomeka padenga. Mayiyo ankaiona tsiku ndi tsiku, koma ankaganiza kuti njotokosera mbaula. Bambowo anati imeneyo ndi yobayira dothi: pomwe pali chinyezi imalowa yokha, pouma imakana.

Madzi otsalawo sakanakwana bwalo lonse. Anasankha pakati, pomwe amaima akwati, ndi kanjira kolowera. M'mbali monse anangomusiya. M'mbandakucha, mphepo isanadzuke, mayiyo anatsegula paipi pang'ono chabe. Madzi akayamba kuthamanga pamwamba ankatseka, kudikira kuti alowe, n'kutsegulanso. Anabaya sipoko, inakana. Anathiranso. Pomwe dzuwa linkatuluka, inali ikulowa kuposa chikhato chake. Makina otchetchera anawakweza kuti udzu utsale wautali, uziphimba dothi, ndipo zotchetchazo sanasese.

Chovuta chinali kudikira. Dzuwa linkaswa mtengo, paipi ili chipindire pakhoma. Masamba akayamba kupindika, mtima unkamupweteka ngati akuletsa mwana kuyamwa. Ankangozindikira waima pathanki, dzanja lili pa mpopi, ndipo pomwepo ndodo ija inkalira pachitseko. Ankachotsa dzanja. Ankathiranso pokhapokha sipoko ikakana. M'mbali muja munasanduka mtundu wa chiguduli.

Ukwati utayandikira adona anabwera. Anaima nthawi yaitali, magalasi ali m'manja.

"Ndinakusiyirani bwalo. Ichi mwandibwezera n'chiyani, kampango?"

Mayiyo ananjuta, mwana akumukoka duku. "Madzi anali a pakati pokha, adona. Wa m'mbaliyu wangogona, sanafe."

Ananena zomwe anamva kwa amuna ake. Iye mwini sankadziwa ngati n'zoona.

Adona anaponda pobiriwira paja, udzu n'kudzukanso. Anapita m'mbali, pansi pa nsapato zawo pakulira tswatswa.

"Mahema tiimika m'mbalimu abise manyaziwa," anatero. "Makiyi khalani nawo kaye. Koma mvula ikagwa muno osaphuka, musadikire kuti ndichite kunena."

Ukwati unachitika. Pazithunzi panangooneka pobiriwira.

Mpaka pano mvula sinagwe. Thanki ikulira ngati ng'oma mpaka pansi penipeni. M'mawa uliwonse Mayi Kapinga amagwada m'mbali mwa bwalo, mwana ali kumbuyo, n'kumakanda udzu woumawo ndi chikhadabo, kufuna kuona ngati patsinde pakadali kanthu koyera. Tsiku lina amakapeza, tsiku lina ayi. Akalowa m'nyumba amuna ake amamuyang'ana kumaso, iye n'kugwedeza mutu kuti kalipo.