Mwendo wa Achimwene

Ndinadzuka kunja kusanache. Kunali chisanu cha mwezi wa Juni, ndipo amuna amene anagona panja anali atazungulira moto, ena atafunda masaka. M'nyumba ya siwa amayi a mpingo anali akuimbabe, koma mawu atasasa. Ine ndinatenga polishi n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe kupukuta nsapato za achimwene, zonse ziwiri.

Achimwene anataya mwendo wakumanzere ku Joni, m'fakitale ya zitsulo. Analowa mumpanda kukakonza loboti yonyamula katundu, munthu wina n'kuiyatsa osadziwa kuti muli mnzake. Atabwerera kuno ku Nsaru, anthu ofufuza a ku yunivesite ina anawapangira mwendo wa ulusi wakuda woumitsidwa ndi guluu, wopepuka moti ndinkaunyamula ndi dzanja limodzi. Mayi amene ankatsogolera ntchitoyo ankabwera kudzauyeza ndi kujambula achimwene akuyenda m'munda. Ankadya nafe. Ankati, "Mwendowu ndi wanu, bambo, mpaka kalekale."

Atadwala chibayo n'kufika povuta, achimwene anandigwira mkono. "Iwe, loboti ija inadya gawo lake. Uwu ndipite nawo. Ndisakafike kwa Ambuye ndikudumpha ngati khwangwala." Ndinaseka, koma ndinalonjeza. Ndinauzanso amalume, omwe ndi eni mbumba, ndipo anavomera.

Dzuwa litatuluka adzukulu anasambitsa thupi. Anandilola kumanga ndekha malamba a mwendowo, monga ndinkachitira m'mawa uliwonse, ndipo ndinawaveka nsapato. Anthu anayamba kufika, ena pa njinga kuchokera ku Kabudula, ena pa lole ya ku Namitete. Wa golosale wina Wachisilamu anatsitsa nkhuni. Mphepo inkabweza utsi wa m'mafuwa m'maso mwa amayi ophika.

Kenako panafika galimoto yoyera. Nditaona mayi wofufuza uja mtima wanga unakhala pansi, ndinati abwera kudzalira nafe. Ndinathamanga kukawatengera mpando. Mayiwo anandigwira paphewa, n'kufunsa kumene kunali amalume. Awiriwo analankhula pang'ono kuseri kwa khola, kenako amalume anapempha amayi onse atuluke kaye m'nyumba. Ine anandituma kumanda kukapereka madzi kwa okumba.

Pobwerera ndinakumana ndi dalaivala atanyamula chinthu chachitali chokulungidwa m'nsalu. Sindinafunike kuivundukula.

"Kodi mukupita nawo kuti?" ndinafunsa.

Mayi uja, amene ankabwera pambuyo pake ndi amalume, ndiye anayankha, maso ali pansi. "Pepani kwambiri. Unali wa kafukufuku. Tikufuna tikaone pamene unayamba kung'aluka, kuti tithandize ena."

"Koma munati ndi wawo."

"Iwe, usatichititse manyazi pamaso pa alendo," amalume ananong'oneza. "Wakufa sayenda."

Nditalowa m'nyumba ndinapeza bokosi atalitseka kale, patangotsala kagalasi koonera nkhope.

Mwambo unayenda monga mwa nthawi zonse. Abusa analalikira za thupi latsopano. Amalume poyankhula anathokoza alendo a ku yunivesite chifukwa chokonda mwana wawo, anthu n'kumagwedeza mitu. Galimoto ija inanyamuka nyimbo yomaliza isanathe, fumbi lake n'kugwera pa anthu okhala m'mphepete mwa msewu.

Popita kumanda ndinagwira nawo bokosi kumiyendo. Anyamata ankasinthana, ine sindinalole kulandiridwa. Atanditchula kuti ndikaike nkhata, ndinaika n'kubwerera pamalo panga.

Madzulo anthu atabalalika, m'nyumba munatsala fungo la utsi ndi mphasa zopindapinda. Amalume anali atapita kwawo osatsazika. Mayi anga ankasesa pang'onopang'ono pamene panagona thupi, ndipo tsache linakoka chinthu pansi pa tebulo. Inali nsapato yakumanzere, ikuwalabe polishi.

Anaitola, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Kodi m'bale wako wapita ndi nsapato imodzi?"

Ndinakhala pansi pafupi nawo, nsapato ili pakati pathu, mpaka mdima unalowa.