Muvi Umene Unatsala pa Mtengo

Tsiku limene anavuula mtembo wa mphunzitsi mumtsinje, bambo wina amene anthu ankamutchula kuti Wamivi anangokhala pansi m'matope, osalira.

Ntchito yake inali yokonzera njira kalabu ya anthu opalasa njinga maulendo ataliatali Loweruka. Ankajambula mivi yoyera pamitengo ndi pazipilala, kudutsa m'minda ya m'chigwa chosalala ngati thebulo, kuti opalasa asasochere. Koma ulendo umenewo anajambula miviyo kudakali sabata yathunthu, osabwereranso kukaona. Mvula inagwa kumtunda, madzi n'kukokolola mlatho wa matabwa. Mphunzitsi anali patsogolo pa onse, m'chifunga, akutsata muvi.

Palibe anamumanga Wamivi. Kalabu inangomuchotsa, anzake n'kuyamba kuwoloka msewu akamuona. Zaka ziwiri anakhala akumata machubu a njinga kuseri kwa nyumba ya mlongo wake, njinga yake itapachikidwa pakhoma. Ndikuuzeni zoona, munthuyu anali atafa akuyenda.

Mlongo wakeyo ndi amene anatopa naye. Anamuuza kuti inde, madzi akatayika saoleka, koma palibe amasiya kutunga chifukwa cha zimenezo. Wamivi anatsitsa njinga. Anayamba ndi makilomita asanu, akupuma ngati wakwera phiri pamalo popanda n'chulu chomwe. Kenako makumi awiri, kenako zana. Analembera kalabu kanayi, osayankhidwa. Kachisanu wapampando anavomera monyinyirika kuti akonze njira imodzi yatsopano yotsata mtsinje, ndipo akalephera asadzaonekenso.

Vuto linali lakuti njirayo inkadutsa pamphambano yopita kumlatho wakugwa uja.

M'mawa wa Lachiwiri anafika chapafupi, chifunga chitakuta minda yonse moti ankangomva fungo la manyowa. M'matope anaona mkukuluzi watsopano wa tayala lopyapyala, ngati la njinga ya malemu, utalunjika kumphambano. Wobwerera panalibe. Kutsogolo belu linalira kamodzi. Wamivi anatembenuza njinga, ndipo anafika kunyumba chitini cha penti atachitaya panjira.

Lachitatu ndi Lachinayi zinali chimodzimodzi. Anafunsa alimi amene ankalawirira kuminda, onse anati sanaone njinga iliyonse. Ulendo unali wa Loweruka, ndipo theka la njira linalibe muvi n'umodzi womwe.

“Ngati akundiitana, ndikamve chimene akufuna,” anauza mlongo wake Lachisanu, atagula penti wina.

Anatsata mkukuluziwo akukankha njinga. Achule anali chete. Anaona munthu ataima pansi pa mtengo wa pamphambano, nsalu yofiira ili m'manja. Atayandikira anazindikira kuti ndi mkazi wa mphunzitsi, amene anangowaonera patali tsiku la maliro. Pamwamba pa mutu wawo panali muvi wake wakale, wothimbirira, ukulozabe kumadzi.

Mayiwo sanakalipe. Anamuuza kuti alendo opalasa njinga amabwerabe, akaona muviwo amakhotera kumlatho wakugwa uja. Ndiye iwo amadzaima pamenepo m'mawa uliwonse chifunga chikakhalapo, asanapite kuntchito, ndipo anali atabweza kale anthu khumi ndi mmodzi. Wamivi anafunsa chifukwa chimene sanaufufutire.

“Si ine ndinaujambula, bambo. Ndimadikira mwini wake.”

Manyazi anaposa mantha. Anatulutsa mpeni n'kuyamba kupala khungwa la mtengo mpaka manja anatuluka matuza. Atamaliza anafunsa kuti njinga yawo aisiya pati, poti mkukuluzi wake unamuthamangitsa masiku atatu.

“Njinga iti?” anatero mayiwo. “Ine ndimabwera wapansi. Ya amuna anga sinapezeke mpaka lero.”

Onse awiri anayang'ana pansi. Mkukuluziwo unadutsa pakati pawo, n'kutsetserekera kumadzi. Mayiwo anamugwirira chitini, iye n'kujambula muvi watsopano woloza njira yabwino.

Loweruka ananyamuka anthu makumi anayi, ndipo anabwerako makumi anayi. Lero Wamivi ndi amene amayang'anira njira zonse za kalabuyo. Lamulo lake ena amati n'lotopetsa: muvi uliwonse uonedwe m'mawa wa tsiku la ulendo, ndipo ulendo ukatha ufufutidwe. Mkukuluzi uja sunaonekenso. Unali wa ndani, musandifunse, ine sindikudziwa.

Inu amene munalakwitsa chinthu chachikulu n'kukabisala, ndikudziwa kuti kubwerera kumaopsa. Koma chimene munachisiya chija mwina chikusocheretsabe anthu. Osataya mtima. Dzukani mupite mukachikonze, chifukwa pali wina amene waima pamalo panu, ndipo watopa.