Mahedifoni ndi amene anagonthetsa amalume?

Moni nonse, tamvani za lero!

Ndinaperekeza amalume kuchipatala kukapimitsanso makutu. Mukukumbukira anawauza kuti lakumanzere linafa, mpaka anasiya kuyimbitsa kwaya kutchalitchi?

Tapeza adokotala atsopano, ati dikirani ndiyambe ndayesa makinawa. Andiveka ine mahedifoni, ati ukamva kulira ukweze dzanja. Kumanja ndimamva bwinobwino, koma kumanzere zii! Ndati adokotala, nanenso ndagontha? Amalume ati, "Ndi foni yakoyo iwe, umagona nayo kukhutu."

Adokotala avala okha, nawonso zii. Atafufuza, kani mahedifoni enieni anathyoka kalekale, wina anangolumikizapo ena. Ati makina aliwonse amatchunidwa pamodzi ndi mahedifoni ake, ukasintha amanama ngati sikelo ya mavenda a soya. Ine sindimadziwa kuti makina nawonso amapimidwa! Ndiye amawapima ndani, ndipo ndi chani?

Adokotala ati tidzabwerenso akawakonza, mwina khutulo ndi lamoyo. Koma mu minibasi ya ku Malomo amalume angoti, "Ndinatsanzika kale pamaso pa mpingo wonse, ndikabwerera ku kwaya ndi nkhope yanji?"

Inu mukuti bwanji, tiwakakamize? Amayi, achimwene anuwa amamvera inu nokha.