Tsiku limene bambo anafuna kubweza shuga

Fungo la shuga wopserera limandikumbutsa kwathu ku Zengeza 2, nthawi imene shuga ankasowa ngakhale m'masitolo a ku Chikwanha. Amayi atangothira shuga wotsiriza m'tiyi, tinamva kuti mawa lake kubwera agogo, apongozi awo a bambo.

Ine ndinati, "Aphunzitsi akuti shuga akasungunuka satha. Madzi akauma, amabwerera."

Bambo anatilanda makapu kukamwa n'kukhuthulira tiyi yense m'poto. Atatereka potoyo pamoto, ndinakhala pambali kudikira shuga woyera, mwina ndi pepala lake lomwe. M'potomo munatsala zinthu zakuda bii, zonunkha utsi.

"Maiwe! Inu bambo, ndiye amayi anga adzamwa makala?" anafunsa amayi.

Lero ndimaphunzitsa ana kuti chosungunuka chimabwezeka, koma chopserera ayi. Bambo mpaka pano amaumirira kuti vuto linali poto.