Kalilole wa pa Viphya

Ine, amene ndikakhosomola ku Chintheche amamva ku Bandawe, lero ndinene zoona. Chaka chija tinasenza katundu wa mzungu wa mishoni kukwera Viphya nthawi yachisanu. M'mawa, pamwamba pa phiri, ndinapatukira kutchire, ndipo pachithaphwi ndinapeza kalilole wonyezimira kuposa wa mzunguyo. Munthu wa kunyanja ndikanadziwa bwanji kuti madzi amauma gwa ndi kuzizira? Ndinabenthula chachikulu n'kubisa m'nsalu pansi pa mchombo, kuti anzanga asandipemphe. Ndimati mkazi wanga azikadziyang'anirapo.

Chinandiluma pamimba, koma ndinapirira. Dzuwa litakwera, madzi anayamba kutsetsereka m'miyendo.

Mlamu wanga anafuula, "Ada, Angoni sitinawaone n'komwe, inu mwayamba kale?"

Onse anatula katundu, kuseka mpaka kugwa. Ndinapisa dzanja m'nsalu, kalilole mulibe. Ndinayesa m'mtima: wamantha ndi chitsiru chomana anzake madzi, wabwinoko ndani?

Ndinakuwa, "Eya, ndakodza! Sakodza ndani pano?"

Mpaka lero amandiimba nyimbo pokoka khoka. Sindinaope Mngoni ine, abale. Ndinangoba madzi.