Khanda Lalikulu la mu Filimu ya Asisi

Tsiku lina ndili pamzere kubanki ku City Centre, mayi wina amene anali kumbuyo kwanga anandikodola n'kufunsa kuti, "Pepani asisi, mukumva nyimbo yanji imene ife sitikuimva?" Ndinali ndikugwedezeka uku ndi uku ngati ndabereka mwana, chikhalirecho kumsana kunalibe kanthu. Ndinaseka n'kuwauza kuti ndi matenda akale. Ndi akaledi. Ndinawatengera ku Area 10, ndipo pali filimu imene ikhoza kundichitira umboni.

Ife tinkakhala ku boyizi kota, kanyumba ka zipinda ziwiri kumapeto kwa mpanda wa eni. Amayi ankaphika ndi kuchapa m'nyumba yaikulu. Abambo anali mlonda wa maofesi ku City Centre, usiku kuntchito, masana tulo. Ndiye panali mlongo wanga, khanda lolemera ngati thumba la chimanga, la mawu ofika mpaka pageti. Lamulo la adona, eni nyumba, linali lakuti m'nyumba mwawo musamveke kulira kwa mwana. Lamulo la abambo linali lakuti m'nyumba mwathu musamveke kulira kwa mwana. Nanga mwanayo akalilire kuti? Kumsana kwanga. Ndikaweruka kusukulu, ndisanavule n'komwe yunifolomu, chitenje chinali chikundidikira pakhomo. Pa tchuthi ndiye osanena, kuyambira m'mawa mpaka amayi ataweruka.

Ndinali mu Sitandade 5, koma mbaula ndinkakoleza ndi kapepala kamodzi, matewera ndinkachapa, phala langa silinkachita mibulu. Akuluakulu ankati, "Koma mwana uyu ndi mzimayi kale." Mawu amenewo ankandinyansa kwabasi, koma ndinkamwetulira poti ndinaphunzitsidwa ulemu. Ngakhale pa masanje, tikamasewera zawana ndi ana a m'maboyizi kota oyandikana nawo, za ine panalibe zokambirana. Ena azisankha kukhala ana, wina tambala wolira kuti kwacha, wina fisi wakuba ndiwo. Ine mayi basi, poti mwana ndinali naye kale.

Tchuthi china kunabwera mwana wamkazi wa adona, amene ankaphunzira zojambula mafilimu kunja. Tinkangowatchula kuti asisi. Ankavala thalauza long'ambika m'mawondo, moti amayi anawamvera chisoni mpaka kuwapempha kuti awasokere. Tsiku lina asisiwo anatipeza kuseri kwa mpanda tikuphika dothi m'zitini, anaima n'kugwira pamtima. Anati akufuna kujambula filimu yoseketsa ya ana oyesezera akuluakulu, akaionetse kusukulu kwawo, ndipo anthu ake ndi ifeyo.

Kugawa malo sikunatenge nthawi. Mnyamata wa alonda a pageti lathu anamupatsa ubambo. Kamtsikana ka kunyumba yoyandikana nayo, kagwelu kopanda mano akutsogolo, anakapatsa umwana. Atafika pa ine sanaganize n'komwe.

"Iwe ndiwe mayi. Wabwera ndi mwana wako kale."

Mtima wanga unapsa. Ngakhale mu filimu, anthu inu? Ndinameza mate n'kufunsa mwaulemu kuti, "Asisi, nanga mwana wa mu filimuyo azichita chiyani?"

"Palibe. Azingogona pamkeka, azilira, mayi azimudyetsa mabisiketi oviika mu tiyi n'kumamutonthoza."

Kugona pamkeka masanasana. Kulira popanda wokuletsa. Mabisiketi! Ndinakayang'ana kagwelu kaja, kakutokosa m'mphuno, kosadziwa n'komwe mwayi umene wakagwera, ndipo ndinalumbira chamumtima kuti malo amenewo ndi anga, zivute zitani.

M'mawa wa tsiku lojambula kagwelu kaja ndinakaitanira kuseri kwa thanki la madzi. Ndinali nditaona kale zimene asisi anatulutsa zoti mayi avale: wigi yakale ya adona, nsapato zagogoda ndi chikwama chonyezimira. Ndinakafotokozera zonsezo bwinobwino, kenaka ndinapukusa mutu.

"Koma iwe ndikukumvera chisoni. Mwana wa mu filimu amavala thewera."

"Thewera?"

"Thewera lenileni, la mlongo wangayu. Ndipo silinaume bwino. Lilongwe yense akuona pa TV, ndi anzako a kutchalitchi omwe."

Kanatong'ola maso. Ndinakasiya choncho kuti mawu akalowerere.

Tsono tinayamba. Asisi anaimika kamera pansi pa mtengo wa mango, nakuwa kuti, "Akishoni!" Mwamuna wanga analowa ali mu jekete la abambo ake lofika m'mawondo, akuyenda motang'adza, n'kunena mawu amene anamuphunzitsa. "Mayi a mwana, ndabwera. Chakudya chili kuti?"

Ine ndinayenera kugwada n'kumulandira chikwama. Koma munthu wokulira ku boyizi kota amamva zambiri, makoma ake ndi opyapyala. Ndinagwira m'chiuno n'kutulutsa zonse zimene ndinasonkhanitsa kwa amayi a m'mipanda yonse ya mumsewu wathu.

"Mwabwera? Lero mwaikumbukira njira ya kunyumba? Ndiye matope amenewo mukulowa nawo pomwe ndakolopa? Kodi kwanu anakuuzani kuti mwakwatira makina? Tayang'aneni, jekete ngati mwabwereka kumaliro. Akazi anzanga amuna awo akabwera ana amathamangira kukawalandira, inu mukabwera ndi agalu omwe amabisala!"

Sindinapume. Mnyamata uja analira kulira kwenikweni n'kuthawira kugeti kwa abambo ake, jekete likukwekwereza pansi.

"Kati! Kati!" anakuwa asisi. "Iwe, ndati filimu yoseketsa, osati kukhoti!"

Nthawi yomweyo mbewu yanga ya kuseri kwa thanki inamera. Kagwelu kaja kanadzigwetsa m'fumbi, miyendo m'mwamba. "Sindivala thewera ine! Ndikufuna wigi!" Asisi anadabwa kuti za thewera zachokera kuti, ndipo ine ndinadabwa nawo limodzi. Kanadzuka, kanatsomphola wigi pamutu panga n'kuivala mpaka inakaphimba mphuno, kanalowetsa timiyendo take m'nsapato zagogoda n'kuima pamenepo kakufwenthera.

"Asisi," ndinatero ndi mawu a munthu wa kwaya, "bwanji mungokapatsa umayiwo kasatisokoneze? Ine ndikhoza kudzipereka kukhala mwana."

Asisi anayang'ana kamayi kofika m'chiuno mwanga, anayang'ana ine chimtsikana cha miyendo ngati nsungwi, kenaka anaphulika kuseka mpaka kukhala pansi. Anati filimu yake ndi imeneyo. Ndikhulupirira kuti mpaka lero amauza anthu kuti nzeru imeneyo inali yawo.

Panatsala vuto limodzi: khanda silibereka khanda linzake. Anatipulumutsa ndi bambo amene ankasamala maluwa, omwe tinkawatchula kuti amalume. Anayala masaka mu wilibala, n'kumukhazika mlongo wanga m'menemo, n'kumayenda naye pothirira maluwa. Kanthu kachinyengo kameneko, kamene kwa ine kankalira ngati kalumidwa ndi linthumbu, kanangoti mu wilibala phee, kakuseka ndi amalume.

Atandimasula chitenje, mphepo inandiomba kumsana pomwe diresi linali litanyowa ndi thukuta, ndipo ndinachita tsembwe. Ndinapepukidwa moti poyenda ndinkangopepeluka. Ndinali nditaiwala kuti msana umamva mphepo.

Ndiye ndinasewera, abale. Kamayi kanga kanati, "Mwanawe, katsuke mbale."

"Sinditha, ndine mwana."

"Koleza moto."

"Ndipsa."

"Chapa matewera."

"Chapani nokha, munabereka ndinu!"

Asisi ankaluma chala kuti kuseka kwawo kusalowe mu kamera. Ndinalira mokuwa, ndinaponda miyendo, ndinataya supuni. Kenaka ndinatambasula manja n'kunena kuti, "Amayi, ndatopa, ndiberekeni." Kanayesadi, mayi wachikondi. Kanawerama, ine ndinakakwera, tonse pansi khu, wigi n'kukagwera m'maluwa a amalume. Pa gawo lodyetsa mwana ndinkalakwitsa dala, pena kuyang'ana kamera, pena kuyetsemula, kuti tibwerezenso. Tinabwereza mpaka paketi ya mabisiketi inatha.

Gawo lomaliza linali lakuti mayi agoneke mwana. Ine ntchito yanga inali kungotseka maso. Ndinagona pamkeka, mthunzi wa mango uli pa ine, mimba ili tho, kadzanja kakang'ono kakundisisita kumsana, kamawu kopanda mano kakuimba nyimbo yotonthozera mwana. Sindikumbukira kumva "Kati". Ndinadzidzimuka dzuwa litapendeka, kamera kulibe, anzanga kulibe, amalume ataima pambali panga ndi wilibala. "Wadzuka? Nayu katundu wako."

Filimuyo anaionetsa Lamulungu masana, anthu atabwera kutchalitchi. Anatulutsa magalimoto mu galaja n'kuikamo TV yaikulu. Kunabwera alonda, ophika ndi a m'maluwa a mumsewu wonse, ena akadali ndi mabaibulo m'manja. Adona anakhala pampando kutsogolo. Ngakhale abambo anadzuka. Amayi anaima kumbuyo ndi thireyi ya makapu, poti kwa iwo inali ntchito ndithu.

Anthu anaseka, inu. Pamene ndinkakalipira mwamuna wanga, amayi ena anabisa nkhope m'chitenje pozindikira mawu awo, amuna awo akuyang'ana kudenga. Pa "munabereka ndinu" alonda a pageti anatsamwa ndi tiyi. Pogwa paja adona anapukuta misozi. Ine ndinakhala kutsogolo pansi, mlongo wanga kumsana, mutu utakula ngati dzungu.

Kenaka panafika pogona paja. Ine ndinkayesa kuti asisi anadula msanga, koma ayi, anaisiya kamera ikuyenda. Apo ndili gone, kukamwa yasa, nyenyeswa za bisiketi patsaya, mkonono ngati wa abambo. Kamayi kanga kanatopa kusisita, kanavula nsapato n'kuchokapo, ine osadziwa kanthu. Ndiye penapake kutali, mu filimu momwemo, munamveka kamwana kakuti "ee", mlongo wanga mu wilibala. Ndili m'tulo choncho, dzanja langa linanyamuka lokha, linapita kumbuyo n'kuyamba kusisita pamsana pomwe panalibe munthu, thupi likugwedezeka pang'onopang'ono.

Galaja yonse inagwa nako kuseka. "Akutonthoza ndani?" anakuwa amalume. Ndinatembenuka monyadira kuti ndione amayi akuseka. Sankaseka. Anangoima, maso ali pa TV, thireyi itapendekeka mpaka kapu imodzi inatsetserekera kumphepete.

Madzulo amenewo ine ndinkadikira mbama ya amayi chifukwa cha "chapani nokha". Sinabwere. M'mawa mwake ndinatenga chitenje monga mwa masiku onse n'kuwerama. Amayi anandilanda chitenjecho, anamunyamula mwana n'kumubereka okha pamwamba pa yunifolomu yawo ya ntchito.

"Nanga adona?" ndinafunsa.

"Adona ndilankhula nawo ine. Iwe pita ukasewere."

Ndinatuluka pageti ndikuthamanga, ndikudumpha, msana uli pamphepo. Atsikana anali atayamba kale fulaye mumsewu, poti misewu ya kumeneko galimoto imadutsa mwa apo ndi apo. Anandilowetsa pakati. Mpira woyamba ndinauzinda bwino. Wachiwiri unandimenya pamphumi, chifukwa khutu langa linali kumpanda. Ndinaima pambali kudikira kuti ndilowenso, ndipo kagwelu kaja kanandiloza kakuseka kuti, "Taonani, wayambanso!" Ndinali ndikugwedezeka. Ndinadzigwira, ndinaima njo ngati msilikali, koma posakhalitsa thupi linayambanso lokha. Zinandikwiyitsa mpaka misozi inalengeza. Tsiku langa lenileni, lopatsidwa ndi amayi, ine n'kumalephera chinthu chimene kamwana kopanda mano kankachita mosaganizira.

Kenaka kulira kuja kunadumpha mpanda. Ndinkakudziwa, sikunali kwa njala, kunali kuja kotenga nthawi. Palibe anandiitana. Anzanga anakuwa kuti, "Lowa, ndi nthawi yako!" koma miyendo inali itanyamuka kale.

Amayi ndinawapeza pakhomo la khitchini, akumuyendetsa uku ndi uku, mkaka ukusefukira pa sitovu, mawu a adona akumveka m'kati kufunsa kuti kodi kwagwanji.

"Ndati ukasewere," anatero amayi.

"Ndasewera kale."

"Nthawi yomweyi?"

"Ndamaliza."

Ndinatembenuka n'kuwerama. Panapita kanthawi msana wanga uli pamphepo, amayi osasuntha. Kenaka ndinamva kulemera kuja kukutsikira pamalo pake, ndipo kulira kunatha ngati azimitsa wailesi. Amayi anandimangira chitenje osandiyang'ana kumaso. Analowa m'khitchini, natulukanso msangamsanga n'kundifumbatitsa kanthu m'manja. Inali bisiketi ya m'chitini cha adona. Amayi anga amenewo, amene sankanyambita ngakhale supuni ya shuga m'nyumba imeneyo.

"Udye wekha," ananong'ona. "Wamva? Wekha."

Ndinapita nayo kuseri kwa thanki kuti wina asandione. Ndisanailume n'komwe, kadzanja konenepa kanatulukira paphewa panga, zala zili tambasu. Ndinaibenthula pakati.